Sindichoka ndekha pamudzi pa mkazi wanga

Mkazi wanga tinamuika m'manda mvula itangosiya, fodya ali m'zigafa. Ine kwathu ndi ku Ntchisi, kumapiri, koma ndinakwatira kufupi ndi Madisi, chikamwini. Nyumba ndinamanga ndekha, njerwa ndinaumba ndi manja angawa. Koma mkamwini, mkazi akangomwalira, umasanduka mlendo pakhomo pako pomwe. Umadikira eni mbumba akusudzule: akhale pansi ndi ankhoswe, anene pagulu kuti ulibe mlandu, pita bwino, ana ndi ako, uzibwera kudzawaona. Alamu anga, achimwene ake a malemu, mawu amenewo sankafuna kuwatulutsa. Ankafuna ndichoke ndekha.

Kundithamangitsa sanandithamangitse ayi. Anangosiya kundipatsa moni. Tsiku lina ndinapeza bulugama wanga yense atamusenda makungwa kuzungulira, kuti aume chiimire. Ndikafika pamjigo, azimayi kukhala zii, kungondiyang'ana mpaka ndidutse. Ndinatopa nazo. Ndinalongedza zovala m'thumba la feteleza, ndinati mawa ndikwere njinga ndizipita kwathu, atsale ndi mudzi wawowo.

Ndinayamba ndapita ku Madisi kukatsanzikana ndi mwana wanga wamkulu, amene amaphunzitsa kupulayimale. Linali Lamulungu masana. Ndinamupeza pakhonde ndi aphunzitsi anzake, amuna a ndevu zawo, atazungulira katoni yojambulidwa timabokosi. Aliyense ali ndi chitsekerero cha botolo, ati ameneyo ndiye munthu wake. Mmodzi wa magalasi ankafotokoza nkhani, enawo akuponya dayisi, malamulo akuwerenga pafoni. Ndinapsa mtima. Amako pamanda dothi silinaume, iwe uli pano kusuntha zitsekerero ngati mwana wa sitandade wani?

Sindinanene. Anandipatsa mpando, ndinakhala. Iwo anali pamkangano.

"Ndikuchokapo pafupi ndi fisiyu," anatero wina wonenepa, akukoka chitsekerero chake kuchichotsa pafupi ndi china chimene ankati ndi fisi.

"Chokani, aphunzitsi, koma akulumani kumsana," anatero wa magalasi. "Mukayandikana ndi mdani n'kuchokapo mwakufuna kwanu, iye amamenya kamodzi kaulere."

"Nanga uyu bwanji sanalumidwe?" anafunsa wonenepa uja, akuloza chitsekerero cha mnzake.

"Uyo anachita kukankhidwa. Wokankhidwa samenyedwa. Werengani pafonipo, si inu mumaphunzitsa Chingerezi?"

Onse anaseka. Ine sindinaseke. Ndinafunsa kuti bwerezani. Wa magalasi anachita manyazi: "Ndi zamasewera chabe, madala." Ndinati bwerezani basi. Anabwereza: ukachoka wekha, akumenya, akakukankha, alibe mpata.

Mwambo ndinkaudziwa kuyambira kale, koma mkwiyo unali utanditseka m'maso. Mkamwini akachoka asanasudzulidwe, mawa lake mudzi wonse umati wathawa maliro, akudziwapo kanthu pa imfayi. Dzina la ufiti likakukhala silichoka. Pamudzipo sindikanapondanso, mwana wanga wamng'ono, wa sitandade faifi, akanakula akumva kuti bambo ake anadya amake. Ndicho chimene alamu ankadikira. Aone msana wanga basi.

Mwana wanga anandiperekeza mpaka pamsewu. "Bambo, munabwera ndi nkhani?" Ndinati ayi, ndimangokuona.

Ndinafika kunyumba, ndinakhuthula thumba lija, zovala ndinayanika pachingwe kuti aliyense aone. M'mawa mwake ndinayamba kusosa kumunda.

Sipanapite nthawi, alamu anabwera. Moni woyamba chichitikireni maliro. Anakhala pampando wa malemu osapatsidwa.

"Alamu, kwanu simukusowako?"

"Ndikusowako kwambiri. Itanani ankhoswe, mundisudzule pagulu, ndipita tsiku lomwelo."

"Aaa, ife tingakuthamangitseni inu? Anthu angatione bwanji? Mukafuna kupita, njira siyotseka."

"Ndiye ndili pano."

Anaseka pang'ono. Anaimirira, n'kusolola udzu umodzi padenga langa, kuuthyola ndi zala, phwa. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Udzu wanuwu wauma kwambiri chaka chino, alamu. Ndi mphepo yayambayi, muzisamala."

Anapita osatsanzika.

Madzulo ake ndinakweza mtsikana wanga wa sitandade faifi uja panjinga, ndinakamusiya kwa mchimwene wake ku Madisi, ndinati asamutsidwire sukulu komweko. Analira njira yonse, ine osamuuza chifukwa. Nanga ndikanati chiyani? Kuti atsibweni ako akuyeza denga lathu ndi maso?

Ndinabwerera ndekha. Ndikulemba izi ndili m'nyumba momwemo. Zidebe zonse za malemu ndadzaza madzi, zili m'mbali mwa khoma. Chitseko sindikhomanso ndi loko, kuti pakachitika kanthu ndisavutike kutuluka. Ankhoswe a kwathu ndawatumira mawu, akuti abwera akamaliza za fodya. Akungozengereza, anthu opanda pake. Dzulo ana a alamu anawotcha tchire kusaka mbewa, moto anauzimira pamalire a bwalo langa penipeni, atate awo ataima chapatali manja kumbuyo.