Dzino Lotsukidwa ndi Sopo

Kuchipatala amawatchula kuti Mayi Magalasi, chifukwa tsiku lonse amakhala ndi timagalasi m'manja. Ntchito yawo ukaifotokoza anthu amaika dzanja pakamwa. Dokotala akazula dzino lovunda, nthawi zina kunsonga kwa muzu kumalendewera kathumba ka mnofu, kakang'ono ngati nyemba. Kathumbako amakaviika m'botolo la mankhwala oletsa kuola n'kukatumiza kwa mayiwa. Iwo amakaumitsa m'phula, amakadula mopyapyala kuposa khungu la anyezi, amakaika pakagalasi, amakapaka utoto, kenaka n'kusuzumira pa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso.

Chimene chinawagwira mtima n'chakuti mkati mwa chotupa chonyansacho, pakati pa mafinya, utoto umagwira timaselo tina n'kutisandutsa tofiirira. Awa ndi maselo amene sanasankhe ntchito. Akhoza kudzakhala fupa, akhoza kudzakhala mnofu. Nanga akudikira chiyani pamalo oipa chonchi? Funsoli mayiwa ankapita nalo kunyumba, ndipo wovutika nalo anali mwamuna wawo, telala wofatsa wosadziwa kudula munthu mawu.

"Mwamva bambo? Nyumba ikuyaka, koma omanga afika kale!"

"Ndamva mayi. Komatu tikudya."

Ndiye tsaya la a telala linayamba kutupa. Tisabise, bambowa ndi amantha. Anakhala akunena kuti ndi mphepo chabe mpaka akazi awo anachita kuwakoka. Chithunzi cha nsagwada chinaonetsa chibowo chakuda m'fupa, pansi pa dzino, chachikulu kwambiri. Dokotala anati mwina ndi chotupa wamba, mwina ndi chinthu choopsa, ndipo yankho lili m'kathumbako. Mayi Magalasi anachita mantha kwambiri. Chidwi nachonso chinalipo, ngakhale anachita nacho manyazi: zaka zonsezi akuona mnofu wa anthu osawadziwa, tsopano aona wa mwamuna wawo.

Tsiku lozula dzino mayiwa anali pantchito. Dokotala anapatsa a telala botolo la dzino ndi kathumba kake kuti akapereke okha kwa akazi awo, poti chipinda chawo chinali kumapeto kwa khonde lomwelo. Mayi anadikira, diso lili pakhomo. Bambo anatulukira dzuwa litapendeka, thonje lili m'kamwa, n'kuika patebulo kansalu kopindidwa bwino. M'katimo munali dzino loyera mbee.

"Kathumba kali kuti?" anafunsa mayi.

"Zonyansa zija? Ndataya. Ndinapita kaye kunyumba kukatsuka ndi sopo. Ndikanakupatsani bwanji zotero?"

"Bambo inu! Mwataya nyama n'kundibweretsera fupa?"

Anzawo a m'chipindamo anaseka mpaka kugwira nthiti. Mayi Magalasi sanaseke. Dokotala atamva anagwira mutu, nati kwatsala kudikira basi: pakapita miyezi adzajambulanso, ndipo chibowo chikadzakula ndiye kuti zinthu sizili bwino.

Miyezi imeneyo inali yowawa. Mayi anakwiya zenizeni, ndipo pakhomo nkhani zinachepa. Komabe m'mawa uliwonse ankagwira tsaya la amuna awo ponamizira kuchotsa ulusi. Kuntchito timaselo tofiirira tija ankatiyang'ana nthawi yaitali kuposa kale, ndipo wothandizana nawo amalumbira kuti tsiku lina anawamva akutiuza chapansipansi kuti, "Gwiranitu ntchito, inu."

Tsiku lojambulanso linafika. Dokotala anaika zithunzi ziwiri pa nyali, chakale ndi chatsopano. Mayi sanadikire kuuzidwa, pakuti maso awo anazolowera kufufuza: chibowo chinali chitachepa, ndipo m'mphepete mwake munayera fupa latsopano. Anakhala pampando wa odwala osapemphedwa.

Ali panja, mtima utakhala m'malo, anayamba kuwaseka amuna awo.

"Mwapulumuka, a katswiri otsuka. Koma umbuli wanu uja ndidzaufotokozera adzukulu."

A telala anaima n'kuyang'ana pansi.

"Umbuli? Mkazi wanga agwire ntchito zaka zonsezi, ine osaidziwa? Ndinkadziwa chimene ndinkataya, mayi. Ndinafika ndithu pakhomo pa chipinda chanu ndi botolo lija, ndinakuonani pawindo mutaweramira makina anu. Ndinaganiza kuti chikakhala choipa, woyamba kuchiona mukhala inu, muli nokhanokha. Kenaka muvule magolovesi, mubwere kunyumba, mudzandiyang'ane kumaso. Ndinabwerera."

Mayi Magalasi anatsegula pakamwa kuti awakalipire, poti uchitsiru umenewu ukanatha kuwapha. Koma anangowagwira malaya pachifuwa ndi manja onse awiri, pamsewu anthu akuona, ndipo sanawataye.