Amene Anawononga Galimoto Yathu Si Mkazi Wanga

Kwathu kuno ku Kaphuka anthu amakamba kuti galimoto yathu inawonongeka chifukwa choyendetsedwa ndi munthu wamkazi. Ena amawonjezera kuti malemu mayi a kunyumba kwanga anaimwetsa petulo wa m'zigubu masiku amene mafuta anasowa. Zonse ziwirizi n'zabodza, ndipo ndiyenera kuzikonza ndikadali moyo.

N'zoona kuti ankayendetsa ndi iwo. Maso anga atayamba kuchita nkhungu, ndinawasiyira chiwongolero, ine n'kumakhala kumanzere. Ankayendetsa mofatsa, akung'ung'udza nyimbo za pa Misa. Masiku a msika tinkatsetserekera ku Linthipe ndi matumba a kachewere, pobwerera n'kumatsutsana njira yonse za kalimidwe ka chaka chamawa. Maulendo amenewo ndimawalakalaka kuposa unyamata wanga.

Woyamba kuona vuto anali iwo omwe. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, anazungulira kumbuyo kukaika dengu injini ikulira, ndipo pobwera chitenje chawo choyera chinali ndi madontho a mwaye.

"Bambo, galimotoyi ikununkha ngati dzira lowola," anatero.

Zizindikiro zina zinatsatira. Ikangoima, injini inkanjenjemera ngati munthu wogwidwa ndi chisanu cha mu Juni. Pachitunda inkayamba yazengereza kaye isanakoke. Petulo amene kale ankatifikitsa ku Linthipe n'kutibweretsanso anayamba kutithera panjira, ndipo kanyale kachikasu kanayaka patsogolo pa chiwongolero, osazimanso. Zonsezi zinayamba mafuta asanasowe m'dziko, ndipo mfundo imeneyi okamba nkhaniyi amaidumpha dala.

Ine ndinafika Folomu 4 nthawi imene sayansi inkaphunzitsidwa mozama. Nyale ya palafini ikamafuka utsi wakuda, ndiye kuti mafuta achuluka kuposa mpweya. Injini nayo n'chimodzimodzi. Galimoto za masiku ano zili ndi kachipangizo papaipi ya utsi, kotchedwa sensa, kamene kamayeza okosijeni wotsala muutsimo n'kuuza injini muyeso wa petulo. Kakatopa kamanama, injini n'kumangomwa mopyola muyeso. Ndinafotokoza zimenezi kwa aliyense amene anali ndi makutu. Makaniko wa pamsika wathu anangosintha mapulagi, ndipo posakhalitsa atsopanowo anadanso bii.

Mng'ono wanga ndiye ankatsogolera bodza loti yawonongeka ndi mkazi. Tsiku lina anatipeza pakhonde.

"Achimwene, sayansi yanuyo ipumitseni," anatero. "Manja ozolowera munsi sangasamale giya."

Amayi sanachedwe kumuyankha. "Nanga alamu, njinga yanu yakapalasa ija inafa ndi mkazi uti?"

Tinaseka tonse. Koma mlendoyo atapita, amayi anayamba kusankha nyemba, kenako anafunsa osadzutsa mutu: "Bambo, kapena ndaiwonongadi ndine?"

Ndinakana, n'kubwerezanso za nyale ya palafini. Anagwedeza mutu monga amachitira munthu amene akuganiza kuti mwamuna wake akungomutonthoza. Tinagwirizana kuti tikakolola tidzapite nayo ku Lilongwe, kumene kuli makina oyezera. Chimanga chisanaume, iwo anadwala. Anatisiya funso lawo lisanayankhidwe mowakhutiritsa.

Galimoto inangokhala pashedi, nkhuku zikugona pansi pake. Mng'ono wanga anabweretsa anthu ofuna kuigula kuti akaiphwasule. Ndinawabweza. Kuigulitsa motero kukanakhala kuvomereza kuti amayi anaiwononga, ndipo iwo sakanathanso kudziyankhira.

Pomaliza mkamwini wanga, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anabwera ndi batire n'kuidzutsa. Tinanyamuka m'mawa ulendo wa ku Lilongwe, utsi wakuda ukutitsata. Mng'ono wanga ndinamutenga dala, akaone yekha.

Kugalajako makaniko analumikiza makina ake pansi pa chiwongolero, n'kuwerenga kanthawi.

"Madala, injini yanu ili bwinobwino. Chimene chafa ndi sensa ya okosijeni."

"Yafa ndi kayendetsedwe koipa?" anafunsa mng'ono wanga.

"Ayi, bambo, yangokalamba. Giya ndi zina zonse zili ngati za galimoto yosamalidwa kwambiri. Ankayendetsa ndani?"

"Mkazi wanga," ndinayankha, ndipo ndinayankha mokweza.

Pobwerera galimoto inakwera zitunda zonse osapumira. Titadutsa Linthipe, mng'ono wanga ali kumbuyoko anati, "Achimwene, alamu ndinawalakwira." Koma mawuwo sanali anga kuti ndiwalandire.

Titafika pakhomo, mkamwini anafuna kuzimitsa injini. Ndinamupempha kuti aisiye ikulira pang'ono, iye atsogole kukamwa tiyi. Ndinatsala ndekha kumanzere, mazenera otseka, ndikumvetsera mmene inkalirira mosalala. Umu ndi mmene inkamvekera chaka chimene amayi anayamba kuiyendetsa, akamandidikira panja pachiwongolero ine ndikufunafuna chipewa m'nyumba.