Mpeni wa Atelala Sutha

Atelala akhala akusoka pakhonde la sitolo ya nsapato kwa zaka zambiri, ndipo aliyense wobwera ndi buluku amadziwa kuti asanayezedwe m'chiuno ayenera kumva kaye za mpeni. Mpeniwo ndi wopinda, wa chigwiriro chofiira, ndipo suchoka m'thumba lawo ngakhale popita kumaliro.

"Uwu unapondedwa ndi lole," amatero akuutembenuza m'manja. "Unagona mumtsinje dzinja lonse. Unagwera pathanthwe, linasweka ndi thanthwelo. Taonani, pali mng'alu apa?"

Mng'alu palibedi. Chimene atelala sanena n'chakuti chipondedwere ndi lole ija, mpeniwo sunatsegukenso. Amakhomera misomali, kutsegulira mabotolo ndi kutsamiritsira chitseko, koma ulusi ankadula ndi mano monga achitira atelala anzawo. Chinsinsichi ankachidziwa ndi akazi awo okha, omwe nkhani za mpeni zinawafika m'khosi kalekale.

Loweruka lililonse atelala amakwera phiri ndi gulu la azibambo amimba zikuluzikulu omwe adokotala anawalamula kuti aziyendayenda. Pagulupo iwo alibe liwiro, njira sadziwa, nthabwala zawo n'zozizira. Ulemu wawo wonse uli pa mpeniwo basi. N'chifukwa chake ankaopa mawu akuti "Tatsegulani tione" kuposa njoka. Wina akangotero, iwo ankaloza kumwamba n'kukuwa kuti, "Taonani chiwombankhanga!"

Tsiku lina anatsagana ndi alamu awo, mchimwene wa akazi awo, munthu wapakamwa woti akaona kanthu lero, mawa ndi agalu omwe amva. Awiriwa anatsalira m'mbuyo akupuma wefuwefu. Pamalo ena potsetsereka alamu anaterereka, lamba wa chikwama chakumsana n'kukodwa panthambi. Anatsala ali lende, miyendo ikupalasa m'malere. Pansi panali pafupi, mwina mkono umodzi wokha, koma kukuwa kwawo munthu akanati kunsi kuli phompho.

"Alamu, mpeni uja! Dulani lambayu!"

Atelala anayang'ana kumwamba. Chiwombankhanga kunalibe.

"Mpeni uwu si wodulira zinthu wamba, alamu."

"Ine ndi chinthu wamba? Dulani, mlongo wanga adzakufunsani!"

Atelala anautulutsa. Anakoka ndi chikhadabo, chikhadabo n'kuthyoka. Anaumenyetsa pamwala, mwala n'kugamphuka, koma mpeni uli phee. Alamu anasiya kukuwa n'kuyamba kuyang'anitsitsa, ndipo kwa atelala kuyang'anako kunawawa kuposa kukuwa kuja.

Manyazi atawakwana, anachita zomwe pakamwa pawo panazolowera. Anakwera pamwala n'kuluma lambayo. Koma lamba wa chikwama si ulusi. Anatafuna, kutafuna, ngati mbuzi yodya chingwe chake. Potsiriza lamba anaduka, alamu anagwa khu, ndipo dzino lakutsogolo la atelala linapita nawo limodzi.

Anzawo aja anabwerera atamva phokoso. Mmodzi ananyamula lamba wonyowa ndi malovu uja n'kufunsa, "Mwadula ndi chiyani chonchi?"

Atelala anagwira pakamwa. Anadziwa kuti awo awathera, ndipo anangodikira kuti alamu ayambe kuulutsa.

Alamu anasasa fumbi mosafulumira. "Ndi mpeni uja," anatero. "Anthu inu musamauderere. Ndi wakuthwa moti angoudutsitsa pafupi ndi kamwa, dzino n'kuduka."

Gulu lonse linagwedeza mitu mwaulemu. Atelala misozi inalengeza, ndipo sikunali kuwawa kwa dzino kokha.

Lero ulusi amadula ndi sizasi, ndipo pa mbiri ya mpeni anawonjezerapo zoti unapulumutsa munthu, ngakhale mawu ena amatuluka ndi kamluzu. Alamu sanauzepo aliyense. Kungoti akamadutsa pakhonde paja, makasitomala ali tcheru kumvetsera za lole, amaima n'kunena mofatsa kuti, "Alamu, tatsegulani tione."

Atelala amatsegula pakamwa.