A Dikirani ndi Msana wa Mwana Wawo

Bambo mfumu atandipempha kuti ndilembe za moyo wa alamu anga m'kanyuzi ka parishi, ndinawauza kuti apeze munthu wofatsa mtima. Anati ofatsa mtima onse akana. Choncho ndikulemba ine, amene ndinakangana nawo kuyambira chaka chimene anakwatira achemwali anga, ndipo Mulungu andithandize kunena zoona.

Ambiri munkawadziwa ndi dzina loti a Dikirani, osoka nsapato aja a pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anana ndi geti la tchalitchi. Dzinali linachokera pakamwa pawo pomwe. Ukawafunsa ngati nsapato yatha, ankayankha kuti udikire pang'ono, ndipo pang'ono wawoyo ankatha kukufikitsa mwezi wamawa.

Anabadwa owongoka ngati mwana aliyense. Msana unayamba kupindika ali pasukulu, phewa lakumanja n'kukwera, nthiti n'kutumphuka kumbuyo. Mayi awo ankawakalipira kuti aime bwino poganiza kuti ndi ulesi, anzawo ankawayeserera kayendedwe, ndipo dokotala sanawaonepo. Benchi la m'kalasi litayamba kuwapweteka anasiya sukulu n'kukaphunzira kusoka nsapato. Ankalakalaka kunyamula mtanda pa Misa, koma m'manja mwawo mtandawo unkapendekeka, ndiye anawapatsa tsache. Anasesa tchalitchi chathu moyo wawo wonse, akupuma movutikira pakati pa mabenchi, ndipo wofuna kuwalandira tsachelo ankabwezedwa ngati wakuba.

M'banja anali munthu wotopetsa, ndisabise. Pemphero lawo la pachakudya linkatha chakudya chitazizira, chifukwa ankatchula odwala onse, kenako amene anawanyoza tsiku limenelo, mmodzimmodzi. Achemwali ankangotseka maso n'kupirira. Ine ndinkatsokomola dala, koma iwo ankandiwonjezera pa odwala.

Mayeso awo aakulu anabwera kudzera mwa mtsikana wawo wotsiriza, amene tonse timangomutchula kuti Chitsiriza. Atayamba kusinkhuka, siketi yake ya sukulu inayamba kulendewera mbali imodzi. Achemwali anaimba mlandu telala, koma alamu anamuuza mwanayo kuti awerame, n'kuyendetsa chala pamsana pake. Atatero anatuluka panja, ndipo tsiku limenelo sanatsegule bokosi lawo la zida.

Dokotala wa mafupa, mayi wamtali wosakonda kuzungulira polankhula, anati msanawo ukupindika mofulumira ndipo ukasiyidwa udzapanikiza mapapo monga unachitira kwa bambo ake. Panafunika opaleshoni yowongola msana ndi timitengo tachitsulo. Anatichenjeza kuti opaleshoniyo ndi yaitali, chilonda chake n'chachikulu, ndipo magazi amatayika ambiri. Anati pali mankhwala amene amaperekedwa m'diripi asanayambe kucheka, othandiza kuti magazi akaundana pachilonda asasungunuke msanga, motero otayika amachepa. Komabe sakanayamba popanda magazi ena osungira pambali, ndipo a gulu la mwanayo anali osowa m'chipatalamo.

Apa ndi pomwe alamu anatipsetsa mtima tonse. Anafunsa dokotala ngati mankhwalawo sangaumitse magazi m'thupi monse. Dokotala anati nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, magazi amatha kuundana pamalo olakwika, n'chifukwa chake amayamba ayeza mwana ndipo amamuyang'anira mosamala. Alamu anathokoza, tinatuluka, tinafika pageti, iwo n'kubwerera kukafunsanso zomwezo. Mawa lake anapitanso. Anafunsa wogonetsa odwala, anafunsa manesi, anafunsa ngakhale mayi wokolopa. Nditawakalipira kuti akutichititsa manyazi, anandiyankha mofatsa:

"Mlamu, msana uwu mwanayu ndamupatsa ndine. Musandiletse kufunsa."

Mawu amenewo anandikwiyitsanso kwambiri.

Panali anthu ena a m'gulu lawo la mapemphero amene anabwera kunyumba kudzanena kuti mpeni ndi mankhwala ndi za anthu ochepa chikhulupiriro, mwanayo angosanjikidwa manja. Ine ndinali nditagwira kale chitseko kuti ndiwatulutse. Alamu anawapatsa mipando, anapemphera nawo mpaka miyendo yathu inachita dzanzi, kenako anawauza kuti iwo anasanjikidwa manja kuyambira ali mnyamata ndipo Mulungu anawapatsa mtima wopirira, osati msana wina. Ngati tsopano Mulungu yemweyo waika nzeru m'kabotolo, iwo sangamuuze kuti wabwera pakhomo lolakwika. Alendowo anachoka osatsanzika bwino, ndipo madzulo ake maina awo analowa m'pemphero la pachakudya.

Nkhani ya magazi ndiyo inatsala pang'ono kundipha. Alamu anapita kukapereka awo, koma nesi anawabweza chifukwa anali opepuka kwambiri ndiponso chifuwa chawo sichinali bwino. Anapitanso atavala jekete lalikulu kunja kukutentha, sikelo n'kuonetsa kuti anenepa modabwitsa. Nesi atapisa m'matumba anatulutsa hamala, mapulayala ndi chitsulo chokhomerapo nsapato. Munthu wosanama, wolandira Ukalisitiya Lamulungu lililonse! Loweruka anakalapa, koma achemwali anandiuza kuti chimene chinkawapweteka kwenikweni ndi kugwidwako.

Tsiku la opaleshoni linasinthidwa chifukwa magazi sanakwane, ndipo Chitsiriza anayamba kupuma mwabefu akakwera masitepe a kusukulu. Pamenepo alamu anayamba khalidwe limene ambiri a inu simunaliiwale. Ukawapatsa nsapato ziwiri ankasoka imodzi, bwinobwino, n'kuipukuta mpaka kuwala. Inayo ankaiika pansi pa benchi n'kukuuza kuti idzatha ukabwera ndi kathonje pamkono kosonyeza kuti wapereka magazi. Anatero kwa aphunzitsi, kwa woyendetsa basi, kwa mkwati amene ukwati wake unali pafupi, ngakhale kwa bambo mfumu a nthawi imeneyo, amene anachita Misa atavala masilipasi. Anthu anabwera kudzadandaula kwa ine ngati kuti ndine ndinawalera. Ndinapita kukawauza kuti chimenechi si chikhristu koma kulanda, ndipo magazi munthu amapereka mwa kufuna kwake. Anavomera kuti ndikunena zoona, anapepesa, kenako anayang'ana nsapato zanga n'kunena kuti chidendene chikutha. Ndinapita kukapereka magazi tsiku lomwelo, ndikutukwana chamumtima njira yonse.

Magazi anakwana. M'mawa wa opaleshoni, Chitsiriza akumukankha pakabedi, anagwira dzanja la bambo ake n'kufunsa ngati adzadzuke. Iwo anamuuza kuti sakudziwa, koma akhala pomwepo. Ndinafuna kuwamenya. Mwana akufuna mawu olimbitsa mtima, iwo n'kumayankha ngati ali pa katekisimu! Koma mwanayo anagwedeza mutu n'kusiya kunjenjemera. Alamu anakhaladi pomwepo, atagwada pasimenti m'khonde, kolona m'manja, akutchinga njira ya matirole, mpaka nesi anawakokera pakona.

Dzuwa litapendeka dokotala anatuluka, nkhope ili ndi mizere ya chophimba pakamwa. Anati msana wawongoka bwino, miyendo ikugwedezeka, ndipo magazi anatayika ochepa kuposa mmene ankaopera, moti anangomuika thumba limodzi. Otsalawo anathandiza odwala ena. Achemwali analira. Alamu anayesa kudzuka koma mawondo anali atauma, ndipo tinachita kuwanyamula ine ndi mlonda.

Ena mwa amene anapereka magazi anang'ung'udza kuti anabayidwa pachabe, popeza mankhwala anagwira ntchito. Alamu anati palibe magazi amene anabwerera kwa mwini wake chifukwa chosowa wowafuna. Nsapato anasiya kuzigwira chikole, poti bambo mfumu anawaletsa, koma pakamwa sanatseke. Zaka zonse zotsatira, aliyense wokhala pabenchi lawo ankamva za odwala osowa magazi, ndipo makolo a ana opindika msana ankatumizidwa kwa iwo. Ankawaperekeza kuchipatala, akuyenda pang'onopang'ono mpaka kuwachedwetsa, n'kukawafunsira mafunso onse amene iwo ankaopa kufunsa.

Achemwali atamwalira, chifuwa cha alamu chinafooka kwambiri. Anakana kusamukira kwa Chitsiriza, amene tsopano ndi mphunzitsi ndipo ali ndi ana ake. Anakana ndodo, anakananso kusiya tsache mpaka tinachita kulibisa. Miyezi yotsiriza ankapuma ngati munthu wokwera phiri, koma sindinawamvepo akudandaula. Anamwalira m'mawa wina atalandira masakramenti, atatsamira mapilo, Chitsiriza akuwawerengera salimo. Anangotseka maso pakati pa vesi, ndipo iye anapitiriza kuwerenga mpaka kumapeto.

Ngakhale pamenepo sanaleke kutivutitsa. Kalipentala atabweretsa bokosi, thupi linakana kugona chagada, ndipo chivundikiro sichinkatseka. Amuna anayamba kunong'onezana zoti apanikize pang'ono. Chitsiriza anawaletsa. Anati bambo ake sanagonepo chagada chiyambire unyamata wawo, ndipo sayamba lero. Anagwada, msana wake uli chilili, anawatembenuzira kumanzere, n'kuwaikira kapilo pansi pa tsaya. Bokosi linatseka bwinobwino.

Bambo mfumu anandiuza kuti ndimalize ndi phunziro. Ine ndilibe lalikulu. Ndinakhala pafupi ndi munthu uyu zaka zambiri ndikumuona ngati mtanda wanga, ndipo mwina analidi. Koma ndikamuona Chitsiriza akulowa m'tchalitchi, mapewa ali ofanana, mwana ali m'manja, ndimasowa woti ndimukalipire. Ambuye awapatse alamu anga mpumulo wosatha, ndipo angelo akhale oleza mtima kuposa ine.