Mbuzi Imene Amayi Anatiphikira ku Katuli

Ndinalowa kalabu ya opalasa njinga m'chaka changa chachiwiri pa yunivesite, ku Mangochi komweko. Kwathu ku Katuli njinga si yosewerera, ndi yopitira kuchigayo ndi kunyamulira odwala. Koma Loweruka pahositelo pankaboweka, ndipo anyamata a m'kalabumo ankaoneka osangalala akamachokera ku Makokola, thukuta lili kamukamu, akukangana za amene anayamba kufika. Ndinabwereka njinga ya mnzanga wogona naye chipinda chimodzi n'kuwatsatira. Posakhalitsa anayamba kunditchula kuti wa kumapiri, chifukwa pachitunda sindinkatsika.

Masiku oyambawo anali okoma ndithu. Pampu inali imodzi ya tonse, chubu chikaphulika tinkaima tonse pansi pa mlambe mpaka mwini wake amate. Wapampando wathu, mnyamata wa ku Blantyre wa chaka chomaliza, ankandiika kutsogolo mwera ukamaomba kuti ena abisale kumbuyo kwanga. Ine ndinkayesa ulemu.

Tsiku lina iye anati msewu wa m'mbali mwa nyanja watikwana, tipeze phiri. Ndine ndinatchula Katuli. Ndinati tikwere msewu wa ku Namwera, tikapumule kwathu, galimoto yotiperekeza idzatibweze.

Nditawaimbira amayi ndinawauza kuti asavutike, tiyi ndi chinangwa zikwanira. Anakana. Anati mwana wawo sangabweretse anzake a ku yunivesite n'kuwadyetsa ngati aganyu. Amalume, amene kwathu timati amjomba, anazinga mbuzi imene inkasungidwira Idi, amayi anagula mpunga, nabwereka mbale kwa oyandikana nawo.

Tinaoloka mlatho wa Shire dzuwa likutuluka. Paphiri ena anakwera galimoto, ena anakankha njinga, koma masana tinafika tonse. Amayi anatilandira atavala chitenje chawo chopitira ku ukwati, anapereka moni kwa aliyense, kenaka anakasintha kuti utsi usawaonongere. Tinadyera pakhonde la nyumba ya njerwa imene achimwene anga a ku Joni anamanga. Anzangawo anadya mpaka kumasula malamba, akuyamikira kuti nyama yotere sanailaweko.

Titatha kudya wapampando anatsitsa katoni ya sopo ndi shuga m'galimoto. Ndinakondwa, poganiza kuti wakumbukira kuti mlendo safika chimanjamanja. Anawapeza amayi pakhomo la khitchini yathu yofolera udzu, akukwecha mapoto, ali m'chitenje chawo chakale, nati awajambule akulandira katoniyo. Iwo anapempha kuti akavale kaye bwino, akajambulire kunyumba yaikulu.

"Ayi mayi, pomwepo pali bwino," anatero. "Ukoko dzuwa likuthobwa."

Anaitana ana a oyandikana nawo amene ankaonerera njinga, nawaimika mbali ndi mbali. Amayi anafungatira katoni ija akumwetulira. Ine ndinali uko, ndikupopa tayala la mnzanga.

Sabata yotsatira achimwene anandiimbira kuchokera ku Joni. Sanapereke ndi salamu yomwe. Anandiuza kuti nditsegule tsamba la kalabu yathu pa Fesibuku. Chithunzi chinali pamenepo, amayi ndi ana a eni, denga la udzu kumbuyo kwawo, ndipo pansi pake panalembedwa m'Chingerezi kuti ophunzira apalasa ulendo wautali kukathandiza banja losowa la ku Katuli. Za mbuzi sanalembe, nyumba ya njerwa sinaoneke, ndipo palibe pamene panatchulidwa kuti pakhomopo ndi pa mmodzi wa iwo.

"Ine ndikugona m'chisakasa kuno kuti amayi agone pabwino," anatero achimwene, "iwe ukubweretsa anthu kuti adzawajambule ngati opemphetsa?"

Anati anyamata a kwathu amene ali nawo kumeneko akutumizirana chithunzicho, akumufunsa kuti ndalama za ku Joni amadyera kuti.

Ndinampeza wapampando kuseri kwa hositelo kumene tinkakonzera njinga, akuthira oyilo tcheni. Sanadzuke. Anandifotokozera mofatsa, ngati akuphunzitsa mwana, kuti kampani ina inalonjeza kutigulira majezi ndi zipewa, koma inkafuna kuona kuti kalabu imathandiza anthu. Anati palibe amene angadziwe kuti ndi amayi anga. Ndinamuuza kuti Katuli yense akudziwa. Anapukusa mutu nati ndikukulitsa nkhani. Ena amene anali pomwepo, omwe aja anamasula malamba pakhonde pathu, anawerama n'kumayang'ana masipoko. Mmodzi yekha anayankhula, ndipo anandipempha kuti ndidikire kaye majezi afike.

Chithunzicho anachichotsa majezi atafika. Langa ananditumizira kuchipinda, ine ndinalibweza, ndipo sindinapalasenso nawo. Palibe anabwera kudzafunsa chifukwa chake. Loweruka m'mawa ndinkawamva akuimba mabelu potuluka pageti, atapeza wina womuika kutsogolo.

Patchuthi ndinapita kumudzi ndikuyembekeza kukalipiridwa. Amayi anali atamva kale kumjigo, mayi wina atawaonetsa pafoni n'kuwamasulira mawuwo m'Chiyao anthu akumva. Sanandikalipire. Tikusenda mtedza pakhonde anangondifunsa, osandiyang'ana, kuti, "Kodi anzako aja sanakhute?"



Achimwene anakhala miyezi osandiyankhula, ndipo ngakhale lero tikamacheza pafoni nkhani za kusukulu sazifunsa. Amayi anasiya kulandira alendo anga. Nditamaliza maphunziro mnzanga wina wakuntchito anafuna kudzaona kwathu, iwo anati ndikacheze naye kumsika, pakhomo pali potanganidwa. Wapampando uja anapeza ntchito kubungwe lina lothandiza anthu. Ndinakumana naye chaka chatha m'tauni ya Mangochi, ali m'galimoto ya bungwelo. Anatsitsa galasi, nandipatsa moni mwansangala, nandifunsa ngati ndimapalasabe.