Fungo la m'galimoto ya malemu Oswell

Inu amene mwadzuka lero mtima uli pansi, khalani kaye ndikuuzeni za Eness wa ku Chilenje.

Mwamuna wake Oswell atamwalira, Eness anatsala ndi ana awiri komanso galimoto yakale yomwe malemuyo ankanyamulira ana a anthu kupita nawo kusukulu ku Woodlands. Maliro atatha, mayiyu anapukuta misozi n'kugwira chiwongolero. Galimoto imeneyo ndiyo inali munda wake.

Mvula itayamba, m'galimotomo munabuka fungo. Akangoyatsa fani kuti magalasi asachite nthunzi, kunkatuluka kamphepo kofooka, konunkha ngati chinthu chofa. Anatsuka mipando, anachapa makapeti, anapachika tonunkhiritsa pagalasi. Fungo lili pompo.

Mlamu wake Besa, yemwe maso ake anali pa galimotoyo kuyambira tsiku la maliro, anafika kunyumba nkhope ili yachisoni kwambiri.

"Mulamu, iyi motoka siikufunani," anatero. "Ba Oswell bakali mukati. Tipaseni chabe makiyi, tizaiona ise ba banja."

Sabata yomweyo Stephanie, mayi wa kamnyamata kodwala mphumu kotchedwa Lubuto, mmodzi wa ana okwera galimotoyo, anaimitsa Eness pageti.

"Ba Eness, nimvela chifundo, koma mwana akhosomola maningi akaseluka mu motoka yanu. Ngati sivichinja, nizasakila wina."

Eness anadziwa kuti Stephanie akachoka, makolo enawo atsatira, ndipo makiyi apita kwa Besa. Ataperekeza ana tsiku limenelo anaimika galimoto pansi pa mtengo n'kulira. Choipa kwambiri n'chakuti nayenso anayamba kukhulupirira. "Oswell, nakulakwila chani?" anafunsa mpando wopanda munthu.

Koma safunsa anadya phula. M'mawa mwake anapita kufupi ndi City Market kwa bambo Omali, mkulu wosoka mipando ya galimoto, yemwe makolo ake anachokera ku Malawi. Anawapempha kuti asasule mipando yonse aike nsalu zina. Ntchito yaikulu chotere munthu wina akanangoilandira ndi manja awiri. Bambo Omali ananunkhiza mipando, anayatsa fani, kenako anapukusa mutu.

"Mipandoyi ilibe mlandu, mayi. Vuto lili kumene kukuchokera mphepoku. Kaguleni fyuluta, sefa ya mpweya wa m'kati, muwauze ogulitsawo mtundu wa galimoto."

Atabwera nayo, Eness anawapatsa kuti amuikire. Iwo anabisa manja kumbuyo.

"Iyayi. Ndikaika ine, mawa munthu adzakuopsezaninso. Tsegulani nokha, ine ndizingonena."

Eness anakhuthula kabokosi kosungiramo mapepala kamene kali kutsogolo kwa mpando wa wokwera. Anafinya m'mbali mwake monga bambo Omali anamuuzira, kabokosiko n'kugwera pansi. Kuseri kwake kunali kachivundikiro kakang'ono. Anakatsegula, n'kusolola fyuluta yakale pang'onopang'ono ngati diroo.

Inali yakuda bii, yodyekadyeka, yodzaza fumbi ndi makoko a mtedza. Pakati pa makokowo panagona khoswe wakufa.

Eness anayang'anitsitsa makokowo. Oswell sankayenda popanda kapepala ka mtedza wokazinga m'kabokosi kameneka, ndipo awiriwo ankakangana za mtedzawo pafupifupi Loweruka lililonse. Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira, mpaka bambo Omali anayang'ana kumbali kuti amupatse mpata.

Eness atapukuta malowo, bambo Omali anamuonetsa kamuvi kojambulidwa m'mbali mwa fyuluta yatsopano. Kankayenera kuloza kumene mphepo imalowera, monga inakhalira yakale ija. Eness anailowetsa, anatseka, anayatsa fani. Kunatuluka mphepo yamphamvu yosanunkha kanthu.

Fyuluta yakale sanaitaye. Anaikulunga m'jumbo, n'kukaitula pamapazi a Besa pamaso pa achibale.

"Muzimu wanu uyu, mulamu," anatero. "Onani, uli na muchila."

Besa sanatchulenso za makiyi.

Lubuto anasiya kutsokomola m'galimoto. Stephanie atamva nkhani yonse anati, "Kansi na yanga mungaione?" Eness anaiona. Kenako anaona ya mnzake wa Stephanie ku Kabulonga, ina ku Kabwata, ina ku Chelstone. Sizinali zophweka ayi. Galimoto zina fyuluta imabisala pena, ndipo tsiku lina anathyola kachivundikiro ka galimoto ya mwini n'kuchita kugula kena. Amuna ena ankamuseka akamuona atagwada pakhomo la galimoto chitenje chili m'chiuno. Iye ankangoseka nawo, ntchito n'kumapita.

Lero Eness ali ndi minibasi yonyamula ana, ndipo galimoto ya Oswell ikuyendabe. Loweruka amaphunzitsa amayi anzake kusintha okha fyuluta, ndipo naye amabisa manja kumbuyo. Akadutsa ku City Market salephera kuwasiyira bambo Omali mtedza wokazinga, koma m'kabokosi muja salola ngakhale khoko limodzi.

Ndikamufunsa chimene amathokoza kwambiri, satchula minibasi. Amati amathokoza munthu amene anakana kumugwirira ntchito ija.

Inunso mwina pali chimene anthu akuuzani kuti ndi tsoka lanu, ndipo mwatsala pang'ono kupereka makiyi. Musapereke msanga. Funsani, gwadani, tsegulani nokha muone. Mtima wanuwo musautaye chifukwa cha khoswe.