Makandulo a Kuseri kwa Khoma

Faifi koloko m'mawa inawapeza akazi a telala atakhala kale pawindo, akulowetsa ulusi m'singano. Singanozo zinali khumi ndi ziwiri, ndipo iliyonse ulusi ukalowa ankaibaya pa kapilo kakang'ono, yaulusi woyera pambali pa yaulusi wakuda, kuti amuna awo akadzuka angotola.

Ntchitoyi anaiyamba zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, makombola ogula pamsewu atawaphulikira atelala m'manja asanawaponye. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinathera pomwepo. Makina ankapondabe, nsalu ankadulabe ndi dzanja lamanzere, koma singano, mabatani ndi mipendero zinagwera mayiwa popanda wina kunena kuti zawagwera. Makasitomala ankatembenuza malaya n'kumati, "Atelala awa ali ndi manja!" Mayiwa ankamva ali kuseri kwa katani, mapini ali kukamwa, osatha n'kuseka komwe.

Chodabwitsa n'chakuti makombola sankadana nawo. Ali kamtsikana, bambo awo anawanyamulapo paphewa kuti aone aja okwera kumwamba, ophulitsidwa kutali ndi anthu odziwa ntchito yawo. Anaona maluwa akuphuka mumdima, n'kuyoyoka pang'onopang'ono osafika pansi. Mpaka lero dzuwa likalowa pawindo, tifumbi ta nsalu tikamayandama m'kuwalamo, manja awo ankaima okha. Ankabwerera paphewa paja, miyendo ikulendewera, tsitsi la bambo awo likununkha sopo. Ankadzidzimuka ulusi utapulumuka.

Sabata imeneyo wailesi inkangobwereza nkhani imodzi, yoti lamulo lakhwima. Wogulitsa makombola popanda chilolezo sadzangolipira chindapusa ayi, adzalowa m'ndende. Amene anali nawo anapatsidwa mpaka Lachisanu kuti akawapereke kupolisi popanda mlandu.

"Akanakhwimitsa kale, bwenzi mabatani ndikusoka ndekha," anatero atelala akuvala nsapato.

"Bwenzi anthu akuyendabe ndi malaya opendama," anayankha akazi awo.

"Inu, inali sitayilo imene ija!"

Ulusi wa mabatani mayiwa ankaupaka kandulo kuti ulimbe, ndipo tsikulo, Lachitatu, kandulo anali atatsala kanthu kosagwirika. Dzuwa litakwera anatuluka kukagula kwa aneba.

Anebawo anali mayi wamasiye wogulitsa machesi, sopo ndi maswiti pawindo la nyumba yake. Nyumba ziwirizi zinkagawana khoma limodzi, lopyapyala moti wina akatsokomola uku, winayo ankati pepani ali uko. Tsiku la ngozi lija, ndi anebawa amene anavula duku lawo n'kukulunga dzanja la atelala, n'kuthamanga osavala nsapato kukaimitsa galimoto. Masiku apitawa akazi a telala ankaona achinyamata akubwera masana kudzafunsa makandulo, magetsi akuyaka bwinobwino, koma sanaziike kumtima. Ankangoti mwina kwawoko kukuthima.

Anawapeza anebawo atawerama, atafulatira windo, akupukuta mabotolo a maswiti.

"Makandulo alipo?"

"Aakulu kapena aang'ono?" anafunsa aneba osatembenuka.

"Aang'ono omwewo."

Dzanja la aneba silinapite pashelefu. Linalowa kunsi kwa bedi, mukatoni yotsamira khoma lija, pafupi ndi mbaula. Anakulunga kanthu m'pepala, n'kutambasula mkono. Atakweza maso n'kuona amene waima pawindo, mkonowo unauma m'malere.

Mayiwa sanafunikire kumasula pepalalo. Fungo la onga wa makombola ankalidziwa. Itachitika ngozi ija analichapa m'malaya a amuna awo katatu, osachoka, mpaka malayawo anawasandutsa chokolopera. Kwa kanthawi msewu wonse unakhala ngati uli pansi pa madzi. Njinga inadutsa osamveka. Anaganiza za bedi lawo, lomwe mutu wake unagunda khoma lomwelo, mbali inayo.

"Anzanga," anatero aneba motsitsa mawu, "ndimayesa ndi ana aja."

"Ndiye kandulo wake ndi ameneyu? Ameneyutu owerengera Baibulo sangafike vesi lachiwiri."

Aneba anaseka pang'ono, kusekako kunathera m'misozi. "Munthu wina anangondisiyira, akuti amayenda malonda. Ndamva pawailesi, koma miyendo ikukana. Ndikakalowa ndi katoni kupolisi, ndituluka? Inu mukudziwa, ine ngakhale mlonda wa kusitolo ndimamuopa."

"Anena kuti mpaka Lachisanu palibe mlandu."

"Amanena."

"Likadutsa Lachisanu sadzanenanso. Ndipo ine zonyamula chakudya kupita nacho kundende, singano zikundidikira, sindingazikwanitse."

"Mukawauza bambo?"

Mayiwa anayang'ana kunyumba kwawo. Makina ankamveka, kuthamanga, kuima, kuthamanganso. Anadziwa kuti posachedwa aima ndithu, mawu n'kuitana kuti ulusi waduka. Anadziwanso kuti atelala akamva zimene zagona kuseri kwa mutu wawo masiku onsewa, moni wa pakhomo pano utha, ndipo duku lija liiwalika.

"Bambo ndiwauza katoniyo itachoka," anatero. Anabweza kaphukusi kaja pawindo mosamala, ngati akugoneka khanda. "Pano ndikupempheni kanthu, aneba. Muzimitse mbaulayo, muiike panja. Ndikamaliza mabatani a malaya awiri ndibwera. Mundidikire mutavala nsapato, katoniyo tigwirizane, inu uku ine uku. Pakhomo la apolisi ndikalankhula ndine, inu mukangoti ee."